Lipoti la ntchito: masewera a pabwalo okhala ndi dzina la bungwe pa chionetsero cha malonda ku Blantyre

Bungwe lina losunga ndi kubwereketsa ndalama (SACCO), lomwe mamembala ake ambiri ndi aphunzitsi, anamwino ndi amalonda ang'onoang'ono, linapatsidwa malo a panja pa chionetsero cha malonda mu mzinda wa Blantyre, m'nyengo yozizira. Amene anafikapo ku Chichiri, kumene a bungwe la amalonda la MCCCI amachititsa chionetsero chachikulu cha malonda chaka ndi chaka, akudziwa mmene khamu limayendera pa malo otere. Anthu amadutsa mothamanga, amalandira kapepala kalikonse kamene mwawapatsa n'kukaponya m'jumbo osakawerenga, ndipo amaima pokhapokha pamene pali chakudya, phokoso kapena makina ozungulira. Ogulitsa mathirakitala ndi mapampu a sola savutika. SACCO ilibe choonetsa. Katundu wake ndi masheya, ndalama zosunga ndi ngongole, ndipo zimenezi simungaziyale pa tebulo kuti munthu azigwire.

Akuluakulu a bungweli atabwera kwa ife okonza masewera ndi maganizo awo, tinayamba tawafunsa chimene akufuna kwenikweni. Yankho lakuti "anthu atidziwe" silithandiza mmisiri, chifukwa silinena kutalika kwa thabwa kapena kuchuluka kwa antchito. Tinagwirizana pa cholinga ichi: munthu wa zaka 18 kapena kuposerapo, amene amapezako ndalama mwezi ndi mwezi, aime pa sitandi mphindi zosachepera ziwiri, amve kuti sheya n'chiyani, ndalama amasunga motani, ndi kuti ngongole imatuluka bwanji, kenako akafuna asiye nambala ya foni. Zonse za mu lipotili zaima pa mphindi ziwirizo. Masewera amaimitsa munthu, koma wolankhula naye ndi wantchito wa bungwe. Wantchitoyo akapanda kukhala pa malo oyenera, thabwa lokongola limangosangalatsa anthu kwaulere, ndalama za mamembala n'kupita.

Malowo anali mamita 6 m'lifupi ndi mamita 9 m'litali, a kapinga wothothoka pakati, otsetsereka pang'ono kulowera ku njira ya anthu.

Masewera amene anasankhidwa ndi amene anakanidwa

Masewera aliwonse tinawayesa ndi mafunso awiri. Munthu mmodzi amatha mphindi zingati? Ndani angachite manyazi kusewera anthu akumuyang'ana?

Oyamba ndi cornhole, masewera ochokera ku America oponya timatumba pa thabwa lopendekeka lokhala ndi bowo. Pa mpikisano weniweni pamakhala matabwa awiri otalikirana mamita 8.2, ndipo osewera amapikisana mpaka wina atafika mapointi 21. Pa chionetsero zimenezo sizitheka, malo ndi nthawi palibe. Tinatenga thabwa limodzi, munthu aliyense timatumba 4, kuponya ulendo umodzi basi. Kathumba kolowa m'bowo ndi mapointi 3, kotsala pa thabwa ndi pointi imodzi. Ubwino wake waukulu ndi woti bambo wa suti, mayi wa chitenje, gogo ndi munthu wa pa njinga ya olumala onse angaponye popanda kuwerama kapena kuthamanga.

Achiwiri ndi kugoletsa mpira wa ntchemberembaye. Poyamba bungwe linkafuna thabwa la mapenate a mpira wa miyendo, koma mpira womenyedwa ndi phazi ukaphonya umakagwetsa katundu wa aneba, ndipo amayi ambiri sayandikira n'komwe. Mpira wa manja ulibe vuto limeneli. M'dziko limene timu ya Queens imadziwika khomo ndi khomo, amayi ambiri anagwirapo mpira umenewu ku pulayimale, ndipo akaona goli manja amawayabwa. Bungwe limene likufuna aphunzitsi ndi anamwino silingalakwe posankha masewera amenewa.

Achitatu ndi nsanja ya timatabwa, yofanana ndi masewera a Jenga koma yaikulu: osewera amasinthana kusolola kathabwa kamodzi n'kukasanja pamwamba, nsanjayo osaigwetsa. Amenewa sathamanga, amatha mphindi 10 kapena 15 ndi anthu awiri kapena anayi okha, koma amakoka oonerera, ndipo oonererawo amajambula. Dzina lakuti Jenga lili ndi eni ake, choncho silinalembedwe pa chikwangwani chilichonse.

Bawo inaikidwa pangodya, pansi pa tenti, ndi mipando inayi. Thabwa la maenje 32 ndi nkhomo 64 silifuna kulifotokozera Mmalawi. Koma tinadziwiratu kuti bawo imakoka abambo ochepa amene amakhazikika masana onse, choncho sitinaiwerengere pa nkhani ya khamu.

Amene tinawakana ndi masewera ondondozanitsa timbale tinayi pa chithabwa choimirira cha mizere 7 ndi 6. Chithabwa chotere chimagwira mphepo yambiri, chikagwa chimagwera mwana, ndipo timbale take 42 timasowa tsiku loyamba lomwelo chifukwa ana amatitenga kukaseweretsa kunyumba. Gudumu lozunguza la mphatso tinalikananso, pa chifukwa cha malamulo chimene chafotokozedwa m'munsimu.

Kukhoma thabwa la bowo

Pulayiwudi imodzi ya masentimita 122 ndi 244 imatulutsa matabwa anayi a masentimita 61 ndi 122, kuchotsapo pang'ono podya sowo. Ikhale yochindikala mamilimita 18. Ya mamilimita 12 imanjanja, kathumba kakagwa kamadumpha m'malo motsetsereka. MDF, thabwa la utuchi wopanikiza, musaigule ngakhale kalipentala akuuzeni kuti ndiyosalala bwino: ikanyowa ndi mame a m'mawa kapena chiperoni imatupa m'mphepete, ndipo sibwereranso.

Bowo ndi lozungulira, masentimita 15 kudutsa pakati. Pakati pa bowolo pakhale masentimita 23 kuchokera kumutu kwa thabwa, ndiponso pakatikati peniipeni pa mbali ziwirizo. Mkati mwa bowo mupalidwe ndi sandipepa mpaka dzanja lizidutsa osakola, apo ayi nsalu ya timatumba imang'ambika pamenepo. Felemu ya pansi inapangidwa ndi matabwa a paini opala, a mamilimita 45 ndi 70, omata ndi guluu ndi kumanga ndi masikuluwu, osati misomali, chifukwa misomali imasololoka thabwa likamamenyedwa tsiku lonse. Pakati panadutsa mtanda umodzi woletsa kunjanja. Kutsogolo thabwa limakhala pafupifupi masentimita 9 kuchokera pansi, kumbuyo masentimita 30. Miyendo iwiri ya kumbuyo inamangidwa ndi mabawuti a mamilimita 10 kuti izipindika ponyamula. Pansi pa mwendo padulidwe mopendekeka kuti phazi lonse ligunde nthaka. Mwendo woima pa ngodya yokha umaboola kapinga, thabwa n'kumatsika pang'onopang'ono.

Timatumba ndi pamene pali nkhani. Kathumba komalizidwa ndi ka masentimita 15 mbali zonse, kolemera pafupifupi magalamu 450. Telala adule nsalu ya masentimita 17.5 kuti papezeke posoka, ndipo asoke kawiri ndi ulusi wolimba. Nsalu ikhale kanvasi kapena jinzi. Bungwe linali ndi chitenje chake chokhala ndi chizindikiro, ndipo linkafuna timatumba ta chitenjecho. N'zokongola, koma chitenje chokha sichipirira kuponyedwa maulendo mazanamazana. Njira yake ndi kusoka kathumba ka kanvasi mkati, chitenje n'kukhala chovala cha pamwamba chimene mungasinthe chikatha.

Ku America kumene masewerawa anachokera ankathiramo chimanga. Kuno musatero. Chimanga chimalowa nankafumbwe, makoswe amaboola timatumba tikasungidwa, chikanyowa chimachita nkhungu, ndipo chikamaphwanyika chimatulutsa ufa umene umazimitsa sitika. Komanso pali china choposa zonsezi: kuponya chakudya pa dothi, pamaso pa alimi, pansi pa dzina la bungwe lophunzitsa anthu kusunga, n'kudzinyozetsa. Mchenga wokha suthandizanso. Magalamu 450 a mchenga amatenga malo ochepa, kathumba kamakhala kophwa ndi kouma, kamagwa kuti phi! osatsetsereka, ndipo fumbi limatulukira m'misoko. Chabwino ndi timibulu ta pulasitiki timene mafakitale opanga zidebe ndi majumbo amagwiritsa ntchito. Tikasowa, sefani mchenga wa kumtsinje wokhakhala, muuyanike, muusakanize ndi mankhusu a mpunga mpaka kathumba kadzaze bwino pa kulemera koyenera, ndipo muyeze kalikonse pa sikelo ya kukhitchini. Tikasiyana kulemera osewera amazindikira msanga, n'kuyamba kunena kuti mwawabera. Tinasoketsa 16, mitundu iwiri ya bungwe, ngakhale oponya amafuna 4 zokha nthawi imodzi. Pamene wina akuponya, wotsatira amakhala atagwira kale take, ndipo totsalato ndi tosinthira tong'ambika ndi tonyowa.

Pomwe dzina la bungwe limaoneka

Wojambula zinthu pa kompyuta amaona thabwa litaima chilili kutsogolo kwake, ndiye amaika chizindikiro pakati, chachikulu. Woponya saliona choncho. Thabwa limapendekeka madigiri 10 okha, ndipo munthu woima mamita 4 kapena 5 amaliona chogona, moti chilembo chimaoneka ngati chafupika ndi theka. Chilembo cha masentimita 10 chimaoneka ngati cha 5. Choncho dzina lilembedwe ndi zilembo zazitali, zochindikala, mawu osapitirira atatu, m'munsi mwa bowo. Nambala ya foni, keyala ndi mawu ang'onoang'ono a bungwe pa thabwa n'kutaya inki. Chizindikiro chisagundane ndi bowo, chifukwa bowolo limadya pakati pake. Kumbukiraninso kuti timatumba totsala pa thabwa timaphimba zilembo nthawi zambiri.

Malo amene amagwira ntchito kwambiri ndi chinsalu choimirira kumbuyo kwa thabwa, cha mamita 2 m'mwamba ndi 2.4 m'lifupi. Maso a woponya akachoka pa bowo amagwera pamenepo, ndipo mnzake wojambula ndi foni ali kumbuyo kwake amatenga chinsalucho chonse. Zithunzi zimenezi ndi zimene zimayenda pa WhatsApp ndi Facebook madzulo ake. Dzina likhale pamwamba pa mitu ya anthu, kuyambira mita 1.7 kukwera, popeza m'munsimo mumatsekedwa ndi wotola timatumba. Lamulo la opanga zikwangwani ndi loti masentimita 2.5 a chilembo amawerengeka bwino pa mamita atatu. Ofuna kuti anthu a m'njira, mamita 15 kutali, awerenge dzina, asatsike pa masentimita 13.

Sitika ya pa thabwa ikhale yosanyezimira, chifukwa yonyezimira imathobwa m'maso dzuwa likagunda. Imatidwe pa thabwa losalala, lopakidwa kale penti yoyamba ndi kuuma. Pamwamba pake pakhale vanishi wa madzi kawiri kapena katatu, kupala pang'ono pakati pa ulendo uliwonse. Vanishi wa mafuta amasandutsa zoyera kukhala zachikasu, ndipo mtundu wa bungwe ukasintha akuluakulu amaona msanga kuposa china chilichonse. Kuyesa kwake n'kosavuta: kathumba kogonekedwa pa thabwa kasatsetsereke kokha, koma koponyedwa kayende pang'ono kasanaime.

Pa nsanja ya timatabwa nkhani ndi ina. Timatabwa timakhala 54, m'mizere 18 ya titatutitatu, mzere uliwonse mopingasa unzake. Kutalika kwa kathabwa kukhale katatu m'lifupi mwake: pa matabwa a mamilimita 45 ndi 70, dulani mamilimita 210. Nsanja imayamba pa masentimita 81 ndipo imakwera kupitirira mita osewera akamasanja pamwamba. Paini akhale wouma zenizeni. Wogulidwa wauwisi amapindika pasanathe sabata, nsanja n'kumatsamira yokha. Mbali zogundana zisapakidwe penti kapena vanishi, chifukwa dzuwa likawomba timatabwa timamatana, munthu akakoka kamodzi nsanja yonse imabwera. Zingopalidwa ndi sandipepa ndi kusalaza ngodya. Chizindikiro chiikidwe kunsonga ziwiri za kathabwa, zimene zimaonekera kunja.

Pa mbali yobisika ya timatabwa tina tinalembapo mafunso afupiafupi ndi inki yosafufutika, monga "Sheya imasiyana bwanji ndi ndalama yosunga?" ndi "Mwini wake wa SACCO ndani?" Wokoka kathabwa amawerenga mokweza, akayankha bwino amapeza cholembera, akalephera wantchito amayankha gulu lonse likumva. Apa ndi pamene oonerera aja anasanduka omvera. Mafunso 12 obwerezedwa akukwana. Kulemba pa timatabwa tonse 54 kumachedwetsa masewera mpaka anthu kutopa.

Goli la mpira wa manja ndi paipi yachitsulo yokhala ndi mkombero wa masentimita 38, pa msinkhu wa mamita 3.05 monga pa bwalo lenileni. Tsinde lake linali tayala lakale la galimoto lodzaza konkire, lokhala ndi soketi pakati kuti paipi izichotsedwa ponyamula. Mpira wa manja ulibe thabwa kumbuyo kwa mkombero, ndipo kuliika n'kusokoneza amene amaudziwa, choncho dzina linapita pa chinsalu chokulunga paipi, chokhala ndi siponji mkati, ndiponso pa mipira.

Zimene zinavuta tsiku loyamba, ndi chifukwa chake

Masewera anaikidwa kutsogolo, m'mphepete mwa njira, tebulo la mafomu lili mkati mwa tenti kumbuyo. Maganizo ake anali oti anthu awaone msanga. Anawaonadi. Mzere unatalika, phokoso linali labwino, koma woponya akamaliza ankatembenuka n'kulowanso m'khamu, chifukwa njira inali pafupi kuposa tebulo. Antchito a bungwe anakhala pa mipando kuonerera. Pofika masana mafomu olembedwa anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi anthu amene anasewera.

Madzulo ake zinthu zinasinthidwa motere. Polowera panakhala pamodzi, potulukira pena. Mzere unadutsitsidwa mumthunzi wa tenti, m'mbali mwa tebulo, pogwiritsa ntchito chingwe ndi zikhomo. Antchito awiri anachotsedwa pa mipando n'kumayenda mumzeremo, aliyense kulankhula ndi anthu awiri kapena atatu nthawi imodzi. Munthu akamva zinthu zitatu zija, za sheya, kusunga ndalama ndi ngongole, ankapatsidwa kakhadi, ndipo kakhadiko ndi kamene kankamulola kuponya. Sankakakamizidwa kusiya nambala, ankangofunika kumva. Potulukira panali tebulo la mphatso, fomu ili pambali pake. Munthu woima pa mzere alibe kothawira ndipo mtima uli m'malo chifukwa akudikira zosangalatsa, choncho amafunsa mafunso amene sangafunse ataitanidwa kuchokera m'njira. Mzere wabwino ndi wa anthu 6 mpaka 10. Ukafupika wantchito sapeza nthawi, ukatalika odutsa amagwa ulesi. Wotola timatumba ndiye amausintha: mzere ukachepa amachedwetsako ndi macheza, ukakula amafulumiza.

Kuwerengera kwake n'kotere. Kuponya timatumba 4 ndi kusinthana kumatenga pafupifupi mphindi imodzi, koma pali kujambulana, kuseka ndi kutsutsa, ndiye pokonzekera werengerani anthu 40 pa ola. Pa maola 7 ndi anthu 280 pa thabwa limodzi. Wantchito mmodzi sangalankhule ndi anthu 40 pa ola tsiku lonse, mawu amamuthera. Pafunika awiri mumzere, mmodzi pa mafomu, mmodzi pa thabwa, mmodzi pa goli, mmodzi pa nsanja, ndi wina wopumitsa anzake. Bungwe limene lilibe anthu 7 lichepetse masewera, lisachepetse olankhula.

Vuto lachiwiri linali ana a sukulu. Amafika m'magulu, ndi aphunzitsi awo, ndipo gulu limodzi limadzaza mzere theka la ola. Kuwathamangitsa n'kulakwa, makamaka kwa bungwe limene likufuna aphunzitsi omwewo. Thabwa lachiwiri, limene linabwera ngati losinthira, linatulutsidwa n'kuikidwa pambali, mzere woponyera uli pa mamita 2.5, maswiti ndi mapensulo zili mphatso. Ana sankalembedwa maina kapena manambala. Pamene ana ankaponya, wantchito ankacheza ndi aphunzitsi awo, amene analibe choti achite koma kudikira.

Lachitatu linali nthaka. Malo otsetsereka anapangitsa timatumba kuthawira mbali imodzi ya thabwa, ndipo nsanja inkagwa isanakwere. Diso silokwanira pamenepa, pafunika levulo. Pansi pa miyendo ya thabwa panaikidwa tizidutswa ta pulayiwudi, ndipo zikhomo ziwiri zinakhomedwa kutsogolo kwa felemu kuti thabwa lisayende. Nsanja inaikidwa pa chithabwa cha masentimita 60 mbali zonse, chowongoledwa ndi levulo, ndipo mozungulira munajambulidwa mzere wa laimu pa mamita awiri. Kathabwa kamodzi kamalemera pafupifupi magalamu 300, ndipo anthu ambiri amabwera ndi patapata. Ana ang'onoang'ono asalowe mkati mwa mzerewo ngakhale makolo achonderere.

Dzuwa ndi mphepo nazo zili ndi mbali yake. M'miyezi yozizira dzuwa ku Blantyre limadutsa chakumpoto, choncho woponya ndi wogoletsa ayang'ane chakummwera. Wogoletsa mpira amayang'ana m'mwamba, ndiye goli likaikidwa molakwika amalimbana ndi dzuwa masana onse. Mphepo ya chiperoni imachokera kummwera chakum'mawa. Kathumba ka magalamu 450 sikasunthika nayo kwenikweni, koma chinsalu cha kumbuyo chija chimafuna kuuluka. Mwendo uliwonse wa felemu yake unapsinjidwa ndi thumba la mchenga la makilogalamu 20, kuwonjezera zingwe ziwiri ndi zikhomo zachitsulo za masentimita 30. Mvula yowaza ikayamba, thabwa lonyowa limagwira timatumba osatsetsereka, nsalu n'kumwa madzi n'kulemera. Pakhale chopukutira ndi pepala la pulasitiki lofunditsira, ndipo timatabwa ta nsanja tilowe mu tenti msanga, chifukwa tikanyowa timatupa.

Mphatso ndi malamulo

Mphatso zikatha 11 koloko m'mawa, otsalawo amachoka akunena kuti bungwe lija ndi labodza, ndipo bungwe losunga ndalama za anthu silifuna mbiri yotere. Choncho mtunda woponyera uyesedwe chionetsero chisanayambe. Itanani anthu 20 amene sanaponyepo, aponye pa mamita 4, 4.5 ndi 5, muone pamene munthu mmodzi mwa 10 akufika mapointi 6. Mzere ujambulidwe pamenepo. Pa anthu 280, ndiye kuti mphatso zazikulu 28 pa tsiku. Pa ntchitoyi yaikulu inali chitenje cha bungwe, yapakati chipewa, ndipo aliyense wosewera ankachoka ndi cholembera. Chitenje chimaposa tisheti chifukwa chilibe saizi, ndipo chimavalidwa ku msika, ku tchalitchi ndi ku maliro zaka zingapo. Mphatso za tsiku zigawidwe pawiri, za m'mawa ndi za masana. Malamulo a masewera alembedwe pa bolodi m'Chichewa, mizere inayi, ndipo asasinthidwe pakati pa tsiku. Mkulu wa bungwe akabwera ndi mlendo wake, naye aime pa mzere woponyera womwewo.

Gudumu lozunguza ndi kutola mayere m'bokosi ndi masewera a mwayi, osati a luso. Nkhani za mtundu umenewu zili m'manja mwa Malawi Gaming and Lotteries Authority, ndipo bungwe lofuna kuchita mayere likafunse kumeneko lisanasindikize kalikonse. Kuponya kathumba ndi kugoletsa mpira ndi luso, ndipo palibe amene ankalipira kuti asewere. Musalole ndalama iliyonse kudutsa pa masewera, ngakhale oonerera atayamba kubetcherana okha pa bawo. Wantchito awaletse mwaulemu.

Manambala a foni ndi nkhani ya lamulo loteteza mbiri za anthu la 2024. Fomu inene momveka kuti nambala ikutengedwa ndi ndani, idzagwira ntchito yanji, ndipo munthu asayine yekha kuti walola kuimbiridwa. Mafomu asasiyidwe poyera pa tebulo kuti wotsatira aziwerenga za mnzake. Chiphaso cha unzika sichifunika pa sitandi, chimafunika tsiku lotsegula akaunti. Wojambula wa bungwe apemphe asanajambule nkhope ya munthu, ndipo za ana apemphe kwa mphunzitsi kapena kholo. Ngati pali sipika yoimba nyimbo, za chiphaso cha COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo, zifunsidwe kwa okonza chionetsero. Komanso popeza ma SACCO amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, zonena za chiwongoladzanja ndi phindu la pachaka zikhale zomwezo zili m'mabuku a bungwe. Wantchito wotengeka ndi chisangalalo cha khamu akhoza kulonjeza ngongole ya sabata imodzi imene kulibe. N'chifukwa chake zinthu zitatu zija zinalembedwa pa khadi, aliyense n'kuziyeserera pamaso pa anzake tsiku lisanafike.

Kuwerenga zotsatira

Kutalika kwa mzere si chotsatira. Manambala ofunika ndi anayi: makhadi operekedwa, makhadi obwezedwa pa masewera, mafomu osayinidwa, ndi anthu amene anatseguladi akaunti m'miyezi itatu yotsatira. Makhadi anali a mitundu yosiyana pa thabwa, pa goli ndi pa nsanja, ndipo mtunduwo unkalembedwa pangodya ya fomu, kuti pambuyo pake zidziwike kuti membala watsopano anadzera masewera ati. Popanda chizindikiro chimenechi simungadziwe masewera amene anabweretsa otsegula akaunti, ndipo chaka chamawa bungwe limangosankha masewera amene anasangalatsa bwana.

Zimene zinaoneka n'zakuti thabwa la bowo linabweretsa mafomu ambiri, chifukwa ndi limene linkadutsitsa anthu ambiri. Goli linabweretsa amayi, kawirikawiri m'magulu a anzawo a kuntchito, ndipo mmodzi akalemba fomu enawo ankatsatira. Nsanja inatulutsa zithunzi ndi mafunso abwino koma mafomu ochepa. Bawo inakhala ndi anthu ochepa monga tinayembekezera, koma macheza ake anali aatali, ndipo kumeneko ndi kumene kunatuluka mafunso a ngati gulu la banki m'khonde lingasunge ndalama zake ku SACCO. Pa bungwe limene likufuna magulu otere, mipando inayi ija siinapite pachabe, bola pakhale wantchito wachikulire wodziwa kutakata, osati mnyamata wongogwira mafomu.

Kuimba mafoni kuchitike pasanathe masiku atatu, ndipo aimbe wantchito yemwe analankhula ndi munthuyo, ayambe ndi kumukumbutsa masewera amene anasewera. Pakatha milungu iwiri munthu amakhala ataiwala, ndipo nambala yachilendo yokamba za ndalama amaidula poganiza kuti ndi akuba a pa foni.

Zipangizo zikabwerera ku ofesi, timatumba tiyanikidwe tisanaikidwe m'chidebe chotseka, timatabwa tiwerengedwe kuti takwana 54, ndipo matabwa asungidwe choimirira, nkhope zitayang'anana, katoni ili pakati. Pa thabwa ndi pa chinsalu chachikulu pasalembedwe chaka, dzina la chionetsero, mtengo wa sheya kapena chiwongoladzanja. Zosinthasinthazo zipite pa bolodi laling'ono lapadera, kuti zipangizo zomwezo zikagwirenso ntchito pa msonkhano waukulu wa pachaka wa mamembala ndi pa masiku a masewera a m'sukulu popanda kumatanso sitika.